Funso Lachitatu pa Mlatho wa Njanji

"Amayi, Mlonda wa pa Mlatho akadzakufunsani funso lachitatu, mudzayankha?"

Anafunsa ndi mwana wa telala, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri, tsiku lina mayi akewo akumuluka tsitsi. Telala anaseka, nati za pa tivi zimathera pa tivi pomwepo.

Sewero la pa tivi limeneli linali litayenda zaka zisanu. Linkanena za mzinda wa anthu a mphamvu zobisika. Munali mtsikana wogulitsa maluwa amene ankamva zimene makoma anamva, munalinso Mlonda wa pa Mlatho, wophimba nkhope, amene akayandikira magetsi ankathima. Mlondayo ankafunsa odutsa mafunso atatu. Sewerolo silinanenepo chimene chimachitikira woyankha funso lomaliza, koma oonera anali atagamula okha: woyankha sabwerera kwawo.

Usiku wa gawo lomaliza, telala anasiya mwana kwa aneba ake, namwino wopuma pantchito, n'kutsalira kushopu kuti aonere ndi anzake. Anakankhira makina osokera kukhoma, n'kukhala pa mipukutu ya nsalu. Nkhope ya Mlonda inaonekadi, koma za funso lachitatu anazisiya m'malere. Mkangano unabukira pamenepo.

"Amawasandutsa mithunzi, ndakhala ndikukuuzani!" anatero wosita zovala.

"Iwe unalumbira kuti Mlonda ndi dokotala uja. Lero ukadali ndi pakamwa?" anayankha wodula nsalu.

"Anandipusitsa ndi maso."

"Maso kapena ndevu? Unkamufuna iwe!"

Pamene telala ankayang'ana wotchi ya pakhoma, basi yomaliza inali itapita kalekale, foni nayo itathima. Anali atalonjeza mwana kuti sachedwa. Anakoleka chikwama paphewa, nauyamba wapansi.

Njira yachidule inkadutsa pa mlatho wa oyenda pansi, pamwamba pa njanji. Mlatho wautali, wa magetsi anayi. Iye anali atangotha chaka chimodzi chisamukire kuderali, ndipo usiku anali asanadutsepo.

Atafika pamwamba, getsi loyamba linaphethira... n'kuthima.

"Mawaya akale," anadziuza. Tisafulumire kumuseka: munthu amene watha maola akukangana za mithunzi, miyendo yake simva za mawaya.

Lachiwiri linathima.

Kumbuyo kunamveka mapazi. Osathamanga. Iye akaima, nawo aima...

"Pepani, mayi."

Anacheuka. Bambo wachikulire, atavala jekete ya oyendetsa basi, pensulo kukhutu, magalasi omangidwa ndi ulusi wofiira mbali imodzi. Kunkazizira, moti mpweya wa telala unkaoneka ngati utsi. Wa bamboyo ayi.

"Mukuchokera koonera?"

"Ee." Mawu anatuluka okha. Funso loyamba limenelo!

Anafulumira. Bamboyo anali pambali pake, osachita wefuwefu.

"Mtsikana wa maluwa uja, anatuluka m'chipinda chapansi muja?"

Telala anadabwa. Zimenezo zinali za sizoni yoyamba, ngakhale mwana wake ankazidziwa.

"Anatuluka kalekale, bambo."

Anadzigwira pakamwa. Funso lachiwiri!

Getsi linanso linathima. Linatsala limodzi, kumapeto, pafupi ndi masitepe otsikira. M'maso mwake munabwera mwana, ali pa sofa ya aneba, akulimbana ndi tulo. Mwanayo analibe wina. Iye akapanda kufika, adzamuluka tsitsi ndani?

Analuma mlomo. Sayankha. Zivute zitani, sayankha.

"Ine ndimati Mlonda ndi mayi ake a mtsikanayo, ochapa zovala aja," anatero bamboyo. "Onse amandiseka. Koma taonani mpango. Mlonda amaupinda patatu, ngodya n'kulowa mkati. Mayi aja chimodzimodzi. Dokotala amangoufinyira m'thumba ngati sanza." Anaima. "Ndiye mayi... Mlonda ndi ndani?"



Pansi njanji zinkanyezimira. Telala anatseka maso...

Koma mawuwo sanali a munthu wosaka mnzake. Anali a munthu amene waima nthawi yaitali pamzere. Nanga za mpangozo! Iye, wopinda nsalu tsiku ndi tsiku, zaka zisanu osaziona. Ndipo okonda sewero ali ndi nthenda imodzi: mnzawo akalasa, kukhala chete sangathe.

"Ndi mayi ake," ananong'ona. "Munalasa, bambo."

Anadikira kuti mdima umumeze.

Chimene chinabwera ndi phwete. Bamboyo anaseka mpaka kuvula magalasi, uku akumenya chitsulo cha mlatho ndi chikhatho. Chitsulocho sichinalire.

"Ndinanena ine! Ndinanena!" Kenako anatsitsa mawu. "Koma akunyumba musawauze. Amadana ndi kuuzidwa mathero."

Magetsi onse anayaka nthawi imodzi. Pa mlatho panali telala yekha, manja awiri, miyendo iwiri, mthunzi wake uli pansi pomwe umayenera kukhala. Anatsika masitepe akuseka, misozi ili chuchuchu.

Aneba anatsegula asanagogode kawiri. Mwana anali mtulo pa sofa, atafunditsidwa juzi. Telala anagwada, naika khutu pa msana wake, n'kukhala choncho kwa kanthawi akumvetsera kupuma.

"Mwaona chiyani, mwana wanga?" anafunsa namwino.

Anawafotokozera zonse, kupatula dzina la Mlonda. Atafika pa ulusi wofiira, mayiwo anakhala pansi pang'onopang'ono. Kenako anatsegula kabati ya pansi pa tivi, tivi imene telala anali asanaionepo itavundukulidwa. Anatulutsa magalasi. Ulusi wofiira, mbali imodzi.

"Ndinamanga ndine," anatero. "Ndi amuna anga amenewo. Mtima unawaimira pa mlatho pomwepo, zaka zinayi zapitazo, akuthamangira gawo lomaliza la sizoni yoyamba. Ine ndili pano, makapu awiri patebulo, ndikuwakalipira mumtima kuti achedwa. Chichokereni tsiku limenelo, chinthuchi sindinachiyatsenso."

Anapukuta magalasiwo ndi mkono wa bulawuzi, ngakhale analibe fumbi.

"Amaoneka ovutika?"

"Amaseka, amayi. Mpaka kuvula magalasi."

Namwino anatulutsa mpweya wautali, ngati munthu amene watula katundu wochokera naye kutali.

"Ndiye za mpango zija nanunso akuuzani? Anandiboola nazo makutu miyezi yonse. Ine ndinkati ndi dokotala. Tandiuzani, analasa nda..." Anadzidula okha, n'kukweza dzanja. "Ayi! Musanene."

"Andiletsa kale."

"Amandidziwa, madala aja."

Anaimirira, nagwira nsalu ya pa tivi, n'kuikoka. Fumbi linawatsokomoletsa onse awiri, mwana n'kutembenuka osadzuka.

"Masizoni onse ndili nawo pa fulashi," anatero telala.

"Ndiye Loweruka lililonse, tiyambire pomwe ndinalekezera. Muzibwera ndi kamtsikanaka. Koma pakamwa potseka, nonse awiri."

"Ndalonjeza. Nanunso mulonjeze kuti simudzandikakamiza."

"Kukakamiza ndidzakukakamizani, ndimadzidziwa. Inu musadzagonje."

"Sindidzagonja, amayi."