Mawu Ake M'kamwa mwa Wina

Anakumana pa tebulo lodulira nsalu, tsiku limene mtsikana wina wosoka anapita kukatenga mtolo wa makolala. Pafakitale yonse yosoka malaya ankamutcha Kachetechete, poti ngakhale moni ankaupereka ngati wakuba. Mnyamata wodula nsalu patebulopo, amene anzake ankamutcha Malumo, anali wina: pakamwa pake pankatha kugulitsa ambulera yobooka mvula ili mkati.

"Mawu okoma chonchi ukusungira ndani, duwa langa?" anatero Malumo.

Basi, mtsikana anagwa nazo. Chaka chisanathe anali akukamba za ukwati.

Kenako kunamveka kuti kapitawo wa osoka akupuma pantchito. Wofuna udindowo anayenera kuima pamaso pa mabwana atatu n'kufotokoza mmene angayendetsere ntchito. Kachetechete ankaufuna ndi mtima wonse. Zaka zisanu ndi chimodzi pa makina si masewera, nzeru anali nazo. Koma kulankhula pagulu?

"Uziyeserera pa ine, wapamtima," anatero Malumo. "Kuyambira lero bwana wako ndine."

Nthawi ya nkhomaliro ankalowa m'chipinda chosungiramo nsalu. Malumo ankakhala pa mpukutu, nkhope atakwinya ngati bwana weniweni.

"Kweza mawu! Tebulo lositira wati likhale pati?"

"Pakati pa mizere iwiri, kuti mitolo isamachedwe."

"Bwerezanso, mayi wa ana anga. Pang'onopang'ono. Ndikufuna ndimve liwu lililonse."

Analimvadi liwu lililonse, mwana wa munthu!

M'mawa wa tsiku lokaonekera kwa mabwana uthenga unalowa pafoni: "Usaope, nyenyezi yanga. Ndili nawe mpaka imfa." Anauwerenga katatu.

Anafika msanga n'kukhala pa benchi panja pa ofesi, pepala la mfundo zake lili m'manja. Chitseko sichinatsekeke bwino. M'katimo wina anali atayamba kale kulankhula.

"Tebulo lositira likhale pakati pa mizere iwiri, mabwana, kuti mitolo isamachedwe."

Mawu amenewo ankawadziwa, ndi omwe ankamutcha duwa.

"Ndikunena izi chifukwa singano inandiboola chala ndikuthamangira mtolo wochedwa."

Singano? Munthu wosapondapo makina chibadwire? Nkhaniyo inali ya Kachetechete mwini, ndipo ngakhale popumira ankapumira pomwe iye ankapumira poyeserera!

Chitseko chinatseguka. Malumo anatulukira atamanga tayi, ndipo atamuona anaseka kaseko kouma.

"Duwa langa, usakwiye. Udindowu ukakhala wanga, ndi wathu tonse. Iweyo ukanangonjenjemera m'menemo."

"Wotsatira!" anaitana mlembi.

Kachetechete analowa. Anene chiyani tsopano? Akabwereza zomwezo, wakuba aoneka iyeyo. Bwana wamkazi amene anakhala pakati anayang'ana wotchi.

"Tikumvetsera, mayi."

Kachetechete anapinda pepala lija, n'kuika dzanja lake lamanja pa tebulo, chikhadabo chong'ambika pakati chili poyera.

"Zimene ndinakonza mwazimva kale, mabwana. Ndakhala ndikuyeserera pamaso pa munthu amene wangotulukayu milungu itatu. Chala chimene singano inaboola ndi ichi. Muitaneni akuonetseni chake."

Bwana uja anakodola mlembi. Malumo analowa manja ali m'thumba, ndipo ngakhale anamuuza kawiri kuti aonetse chala, sanawatulutse.

Udindo unakhala wa Kachetechete tsiku lomwelo, koma chimwemwe chinalibe polowera. Mtima unkamupweteka ngati chilonda chothiridwa mchere. Ndiye kuti "nyenyezi yanga" yonse ija inali nyambo?

Poweruka Kachetechete anapeza Malumo pa geti, tayi atavula, maso ali psuu.

"Wandiyalutsa pamaso pa mabwana! Munthu amene umati udzakwatiwa naye? Chikondi chake n'chimenechi?"

Mtsikanayo anamuyang'ana, misozi ikutsika osaipukuta.

"Ukanandipempha, ndikanakupatsa mawu onsewo," anatero. "Ndi mmene ndinkakukondera, chitsiru iwe."