Mtsikana Amene Anakonza Hita

Anakumana m'mawa wina wozizira koopsa, pa galaja ya kuseri kwa malo omwetsera mafuta. Mtsikanayo anali makanika, ndipo anzake ankamutcha Sipanala chifukwa chitsulocho sichinkachoka m'thumba la ovololo yake. Mnyamatayo anafika pa galimoto yakale yoyera, atavala magalasi a m'maso.

"Pepani achemwali, ndikufuna makanika."

"Mukulankhula naye. Vuto n'chiyani?"

Mnyamata uja anachita manyazi, kenako anafotokoza. Bambo ake anadwala sitiroko, ndipo m'mawa uliwonse amapita nawo kuchipatala kukachita mafizo, masewera owongola ziwalo.

"Hita ikungotulutsa kamphepo kozizira. Pofika kuchipatala miyendo yawo imakhala itauma gwa, ndiye mafizowo amawapweteka mpaka misozi."

Sipanala anatsegula boneti, n'kudikira kuti injini izizire asanakhudze chotsekera cha rediyeta. Madzi anali ochepa, anawonjezera. Analiza injini, maso ali pa kasingano kosonyeza kutentha. Panadutsa mphindi khumi, kasinganoko kali chigonere pansi.

"Themosita yanu yafa, yangokhala yotseguka. Madzi akungozungulira osatentha, ndiye hita iutenga kuti moto? Gwirani tochi iyi."

Anawerama n'kuyamba kumasula mabawuti kuti aikemo themosita ina.

"Muunikire pamene pali manja angawa, a Magalasi, osati nkhope yanga!"

Onse anaphulika ndi phwete, ndipo dzinalo linamukanirira mnyamatayo.

Mawa lake foni ya Sipanala inalira, anali Magalasi. "Lero bambo avula jekete tili panjira. Akuti zikomo kwambiri. Ine ndiye ndikufunsa: kodi munthu angabwere ku galajako galimoto isanawonongeke?"

Anabweradi. Anabweranso, n'kubweranso. Masana aliwonse ankakhala pa matayala akale pansi pa shedi, akugawana zimene Magalasi wabweretsa. "Inu" uja anasanduka "iwe" osadziwa kuti zachitika liti.

"Duwa langa la girisi," ankatero Magalasi.

"Duwa lanji lonunkha dizilo?"

"Lomwelo ndiye langa. Wapamtima wanga, sindidzachita nawe manyazi pamaso pa munthu aliyense."

Sipanala ankaimba pogwira ntchito mpaka anzake kumamuseka. Nanga mtsikana angafunenso chiyani?

Patatha miyezi iwiri hita inayambanso kufooka. Tsiku limenelo Magalasi anabwera ndi achemwali ake aakulu, mayi wovala mwaudongo, chikwama chonyezimira chili pamkono. Sipanala anatuluka pansi pa lole akumwetulira. Lero ndiye lero!

Achemwali aja anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka ku majombo.

"Kodi awa ndi ndani ukuwasekerera chonchiwa?"

Magalasi anayankha mofulumira. "Aa, awa ndi amene amatikonzera galimoto basi."

Basi? Iyeyo, duwa lija, wangokhala wokonza galimoto basi?

Sipanala analiza injini mpaka itatentha, n'kugwira mapaipi awiri olowera ku hita. Imodzi inali yowotcha, inayo yozizira.

"Karediyeta kakang'ono ka mkati katsekeka ndi dzimbiri," anatero osayang'ana munthu.

Injini itazizira anazula mapaipiwo, n'kulowetsa madzi a pampopi chobwerera m'mbuyo. Munatuluka matope ofiira, mpaka madzi anayamba kutuluka oyera. Anabwezera zonse, anadzaza madzi, n'kusiya injini ikulira chotsekera cha rediyeta chitachotsedwa kuti mpweya wotsalira utuluke. Posakhalitsa m'galimoto munafunda ngati m'bulangete.

"Yatha, bwana. Muyende bwino."

Anapereka makiyi, n'kukadzitsekera m'kachipinda kosungira zitsulo. Analira mpaka maso kutupa.

Mameseji anayamba kugwa ngati mvula. "Wokondedwa, ndinachita mantha. Achemwali ali ndi pakamwa polasa." "Chonde yankha foni." "Ndalakwa, duwa langa."

Anayankha kamodzi kokha. "Galimoto yanu ili bwino tsopano. Palibe chobwerera kuno."

Milungu itatu inadutsa. Nyimbo zija zinatha pa galaja.

Loweruka lina masana galimoto yoyera ija inaima pageti. Munatuluka bambo wachikulire, akuyenda okha pang'onopang'ono ndi ndodo. Pambuyo pawo panali achemwali aja, ndiponso Magalasi, atawonda ngati wadwala.

"Mwana wanga, ndiwe unandifunditsa miyendo?" anafunsa bambowo, mawu akutuluka movutikira.

"Ndine, bambo."

"Taona, lero ndikuyenda. Koma uyu sakudya, sakuseka. Wandiuza zonse, ndipo ndamukalipira ndi pakamwa panga pokhota pomwepa. Iwe, lankhula!"

Amakanika onse anasiya ntchito. Magalasi anaima pakati pa galaja.

"Achemwali, tsiku lija ndinakunamizani. Uyu si wokonza galimoto chabe. Ndi mkazi amene ndikufuna kumukwatira, ngati angandikhululukire."

"Ine ndinangofunsa funso," anatero achemwali aja. "Wamantha ndi iweyo." Anatembenukira kwa Sipanala. "Komabe nanenso ndinakuyang'anani moipa. Pepani, mlamu."

Anatambasula dzanja. Sipanala anawaonetsa zikhatho zake zakuda bii, koma iwo anangomukumbatira, ovololo ndi girisi yemwe.

Kenako Sipanala anayang'ana Magalasi, misozi ikulengeza.

"Unandipweteka kwambiri, ukudziwa?"

"Ndikudziwa. Sindigona nazo."

Mtsikanayo anapukuta manja pa kasanza.

"Mayi anga amapezeka pakhomo Lamlungu masana," anatero pomaliza. "Ukanene zomwezi kwa iwo. Ndipo ukakweze mawu kuposa apa, khutu lawo limodzi silimva bwino."