Khola la Nkhunda ku Eriya 10

Anakumana pa Msundwe, paja panali mkuyu waukulu wopumirapo apaulendo koma lero pali kagolosale kogulitsa mayunitsi. Minibasi yomwe Chancy anakwera inaphulika tayala, ndipo podikirira anagula mtedza wokazinga kwa Dorcas. Atatha, anagulanso wina. Atabweranso, Dorcas anamufunsa ngati ku tauni kwagwa njala.

Chancy anaseka, napempha nambala ya foni.

Kuyambira tsikulo foni ya Dorcas sinapumenso. "Chalimbana wanga, wadzuka bwanji?" Iye ankayankha kuti anyamata a mu Lilongwe amanena zomwezo kwa aliyense, koma mesejiyo ankaiwerenga mpaka mtedza kupserera pa chiwaya.

Patatha chaka kunabwera ina yaitali. "Ndachita lendi ku Eriya 10, pamwamba penipeni pa nyumba yosanja. Madzi otentha akutuluka pakhoma. Ndikukulonjeza, wapamtima, mvula sidzakudonthera."

Dorcas ankadziwa kumene lonjezolo linachokera. Chancy, yemwe tsopano ankagwira ntchito ya makompyuta, anakulira pa esiteti ya fodya ku Kabudula. Makolo ake anali matenanti ochokera ku Phalombe, ndipo mvula ikagwa ankagona chokhala, atafunda masaka.

Koma mayi ake a Dorcas anakanitsitsa. Anati mkamwini weniweni amaumba njerwa kwawo kwa mkazi anthu akuona.

"Bambo ake ankalima munda wa eni, iye akulipira mlengalenga. Mwana wanga akakhale m'khola la nkhunda?"

Dorcas analira mpaka maso kutupa. Asankhe ndani, womubala kapena womukonda? Kenako analemba: "Amayi akana. Usandiimbirenso."

Yankho silinachedwe. "Abwere adzaone okha. Akadzakanira pakhonde langa, ndidzakusiya mumtendere."

Mayi aja anavomera ulendowo, ati kuti akakane ndi pakamwa pawo, nkhani ithe. Anatenganso thumba la mbatata loti akasiyire mchemwali wawo ku Chinsapo.

Chancy anawachingamira pa depoti, iwo ndi Dorcas. Pofika panyumbapo anasenza thumba lija, iye atavala jekete, n'kumayenda chapambuyo. Mlonda anawatsegulira chitseko chagalasi. Pansi pankanyezimira moti mayiwo anafunsa ngati avule nsapato.

Kenako chikepe chinatseguka: kabokosi kopanikiza, magalasi mbali zonse.

Chancy anaima chilili. Kwawo kwa Dorcas mwamuna sayandikana ndi amayi a mkazi wake, sawayang'ana kumaso. Mukakumana panjira umapatukira m'maudzu. Nanga m'kabokosi aka maudzu ali kuti? Kulikonse kumene akanatembenukira, galasi likanamuonetsa nkhope yawo.

Anapatsira Dorcas makiyi. "Dina batani lapamwambalo. Ine ndikupezani."

"Ndi thumbalo? Liike muno!" anatero Dorcas.

Koma chitseko chinali chitayamba kale kutsekeka, Chancy akulunjika ku masitepe.

Chikepe chitanyamuka, mayi aja anagwira mkono wa Dorcas n'kuyamba kupemphera mokweza. Atatuluka anakonza chitenje ngati palibe chachitika.

M'nyumbamo anayendera chipinda chilichonse, nkhope ili gwa. Anatsegula mpopi, madzi n'kuwaotcha chala. Pakhonde anasuzumira pansi, nati magalimoto akuoneka ngati nsikidzi. Anafunsa kochapira, koyanika ufa, kokhala alendo pakagwa zovuta. Dorcas ankangowatsatira pambuyo.

Patapita nthawi anamva kuwefuka pakhomo. Chancy anali atafika, jekete ili nyowe ndi thukuta, dothi la mbatata lili mbuu paphewa. Anatula thumba, nanjuta kunja kwa chitseko cha nyumba yake yomwe, maso ali kukhoma.

Mayi aja anamuyang'ana chakumbali nthawi yaitali. Polankhula, analankhula kwa mwana wawo, monga mwa mwambo.

"Nyumbayi ndi yoipa. Ilibe bwalo, nkhuku sungawete. Pobwerera ine ndidzera masitepe." Anakhosomola pang'ono. "Koma kawauze akamwini angawo alowe, asakhale panja ngati alendo. Uwapatse madzi akumwa. Akapuma, atumize ankhoswe awo kumudzi."

Dorcas anathamanga ndi kapu, akuseka misozi ili m'masaya. Theka la madziwo linatayikira pa kapeti wa eni nyumba, ndipo palibe amene anagwada kuti apukute.