Dzina la Abwana pa Lipoti la Mjigo

Dorothy anakulira ku Mbulumbuzi, m'banja lopemphera. Bambo ake, a Silvesta, ankalima nandolo ndipo anamuphunzitsa mpaka anamaliza kosi ya kompyuta. Atalembedwa ukalaliki ku bungwe lina lokonza mijigo pa Boma la Chiradzulu, bambowo anamuuza kuti, "Mwananga, anthu akakudalira, uziopa."

Ku ofesiko malipoti ankasainidwa pa kompyuta. Abwana ake, mayi Linda, anali ndi nambala yachinsinsi yoikira siginecha yawo. Tsiku lina ali ku msonkhano ku Limbe, anamuuza Dorothy nambalayo pafoni kuti asaine kalata yofulumira.

"Imodzi yokhayo," anatero. "Zina zidikire, ndidzaziwerenge ndekha."

Benedict, amene ankayeza madzi a m'mijigo, anamva zoti Dorothy ali ndi nambalayo. Lachisanu anabwera ndi lipoti lonena kuti madzi a mjigo wa ku Ndunde ali bwino.

"Achemwali, ingodinani dzina la abwana tiweruke."

"Munapitako kukayeza?"

"Ndi matope amenewa? Mjigo uja ndimaudziwa. Ndiponso adziwa ndani?"

Dorothy anadina. Sabata yotsatira anadinanso malipoti ena awiri osafunsa n'komwe.

Mjigo wa ku Ndunde unatsegulidwa kuti anthu ayambe kutunga. Koma mvula inali itagumula chimbudzi chapafupi, zonyansa n'kulowa m'madzi. Ana asanu ndi awiri anagonekedwa kuchipatala akutsegula m'mimba. Mmodzi, wa zaka zinayi, anamwalira.

Akuluakulu a bungwe atabwera, Benedict anali atathawa. Akuluakuluwo anapanikiza mayi Linda ndi mafunso, koma Dorothy sanaulule kuti anadina ndi iyeyo. Kenako anatsegula kompyuta. Inaonetsa tsiku, ola ndi makina amene anasainira: a pa tebulo la Dorothy.

Mayi Linda anachotsedwa ntchito chifukwa chopereka nambala yawo. Potuluka sanakalipe. Anangouza Dorothy kuti, "Ndinakutenga ngati mwana wanga."

Dorothy nayenso anachotsedwa, nkhani n'kupita kupolisi. A Silvesta anamukweza pa njinga mpaka ku Ndunde. Dorothy anagwada pakhomo pa mayi wa mwana womwalira uja.

"Ndiwe unalemba kuti madzi ali bwino?" anafunsa mayiyo.

"Ndine, amayi."

Mayiyo analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Achinyamata, siginecha ya pa kompyuta ndi lumbiro ngati ya cholembera. Ya mnzanu musaigwire, yanu musabwereke munthu, ndipo musasaine chimene simunachitsimikize.