Mpunga wa Phoebe

Chopanda miyendo sichituluka chokha m'thumba, koma mpunga wa Phoebe unkatuluka. Madzulo ankamanga thumba lodzadza, m'mawa n'kulipeza litafwapa, chingwe chili chimangire.

Chinali chaka cha 2006, ndipo Phoebe anali atagona miyezi. Mafupa ankamuwawa ngati wina akuwatafuna m'kati, mwakuti nsima ya kondowole sankaifuna, ankangomwa phala la mpunga wa m'munda mwawo, kudambo la kuseri kwa boma. Kumsika ankanong'ona kuti amene akutapa mpungawo akutapanso moyo wake, ndipo thumba likadzatha, maliro.

Mchimwene wake, Paston, anabwera kudzalondera. Usiku woyamba anangomva achule ndi kubuula kwa mlongo wake. Wachiwiri anamva mpunga ukuyenda, waaa, ngati mvula ya kutali, koma mantha anamukanikiza pamphasa. Wachitatu chitseko chinalira pang'ono, mthunzi wosenza katundu n'kudutsa. Paston anautsatira opanda nsapato.

Mdima unali wokhuthala, udzu wonyowa ukumumenya m'miyendo. Pofika kudambo, mthunziwo unakhuthula mpunga m'dzenje n'kukwirira. Kenaka unagwada pomwe madzi amalowera m'munda, n'kuyamba kupapasa m'matope. Chilichonse chimene unkazula unkachiponya m'chidebe: gobede... gobede.

Paston anayatsa tochi. Anali Macpherson, mwamuna wa Phoebe, matope mpaka m'zigongono.

"Alamu! Ndinu?"

"Zimitsani, ada. Anthu angaone."

M'chidebemo munali mabatire akutha, a matochi otchaja ndi a mawailesi, otupa, ena ong'ambika, akutuluka zoyera ngati mafinya. Paston anawadziwa. Nkhanu zikamaboola mizere yotchinga madzi, alimi ena ankaswa mabatire n'kuwakwirira m'maenje mwake. Macpherson ankachita kutolera a m'mashopu onse, ndipo anthu ankamutama kuti mizere yake sidontha.

"Alangizi anatenga dothi ndi mpunga kukayeza," ananong'ona Macpherson. "Akuti muli poizoni wochokera m'mabatirewa, kadimiyamu. Saoneka, sanunkha, ngakhale uphike sachoka. Amalowa mumpunga, n'kukakhala mu impso ndi m'mafupa."

"Ndiye osangomuuza bwanji? Apite kuchipatala!"

"Ndimuuze kuti phala lomwe ndimamumwetsa ndi dzanja langali ndi limene likumudya? Ndimati mpungawo ungotha, asiye yekha."

"Mmesa mawa amwanso wotsalawo?"

Achule anali atangoti zii, ndipo m'chetemo Paston anamva kaphokoso kena kofatsa, chuuu, kumapeto kwa munda. Analozako tochi. Madzi ankasefukira pa mzere, n'kutsetsereka mwakachetechete kulowa mumdima.

"Alamu, madziwa amapita kuti?"

Macpherson anapukuta manja pa buluku, maso ali pansi.

"M'minda yonse ya kumunsiku."

Kumunsiko mpunga unali utacha, ngala zitawerama, ukudikira chikwakwa.