Mzere Wopanda Dzina

Madzulo amenewo ndinatseka geti msanga. Amayi anali atapita kukagona kwa azakhali, ndiye pakhomo ndinali ndekha. Ntchito yanga ndi yosakaniza nyimbo, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba. Muli tebulo, kompyuta, masipika awiri ndi kachipinda koimbiramo ka chitseko cha galasi.

Achemwali anga anali woimba. Anali atamwalira miyezi itatu m'mbuyomo. Alamu, amuna awo, omwenso ndi eni situdiyo imene ankajambuliramo, anati anagwa pa masitepe. Amayi sanafunse zambiri. Anangondipempha chinthu chimodzi: "Mwanangu, umalize nyimbo ya mlongo wako ija, ndiimve."

Vuto linali lakuti alamu amajambulira pulogalamu ina, ine ina. Ntchito ya kwawo siitseguka pa kompyuta yanga. Ndiye ndinanyengerera woimba kiyibodi wawo kuti mwakabisira atulutse mzere uliwonse pawokha: ng'oma fayilo yake, besi fayilo yake, mawu fayilo yake, yonse kuyambira pachiyambi penipeni kuti ikagwirizane. Mafayilowo anandipatsa pa fulashi, kachipangizo kosungira zinthu za pa kompyuta.

"Mizere ilipo isanu ndi itatu," anatero. "Ine simunandione."

Ndinalowetsa mafayilowo m'pulogalamu yanga. Ndinawerenga. Isanu ndi inayi.

Ndinaseka ndekha. "Mkulu ameneyu zala zokha, kuwerenga zero."

Mzere wowonjezerawo unalibe dzina, ndipo unali wautali kuposa nyimbo. Ndinazimitsa ina yonse n'kuusiya wokha.

Poyamba zii. Kenako mpando unakhuluzika. Kenako mawu a alamu, pafupi kwambiri ndi maikolofoni.

"Bwereza zimene wanenazo."

"Ndati ndikupita kwathu," anayankha achemwali.

Khofi linalira. Thupi linagunda khoma. Nkhonya, nkhonya, nkhonya ina.

"Bambo, basi! Mundipha!"

Sanasiye. Panamveka chitsulo chikukokedwa pansi. Ndinamva kupuma kwa achemwali kukuchepa, kukukoka, mpaka kunatha.

Ndinasanza m'bini. Nditapukuta pakamwa, ndinatsegula fulashi kuti ndikope fayiloyo ndipite nayo kupolisi. Munali mafayilo asanu ndi atatu basi. Ndinayang'ananso pa pulogalamu. Mzere uja unali pomwepo.

Geti linalira kunja. Mapazi olemera pabwalo. Ndisanaimirire, chitseko chinathyoka ndi theche limodzi.

Anali alamu. Ananyamula chitsulo chomasulira mateyala, malaya awo ali ndi magazi omwe sanali awo.

"Mnzako wa kiyibodi uja waulula. Fulashi ili kuti?"

"Alamu, munawapha."

Chitsulo chinabwera cholunjika kumutu. Ndinatchinga ndi mkono, fupa n'kuthyoka ndikulimva. Nditagwa anandiponda m'nthiti katatu. Kenako anatembenukira zida. Sipika yoyamba, yachiwiri, kompyuta. Anazula mawaya kukhoma, fulashi n'kuiphwanya ndi chidendene. Anaima pakati pa zidutswazo akupumira m'mwamba.

Apo m'pamene tinamva tonse awiri. Kamawu kakang'ono, kochokera m'mahedifoni amene ankalendewera m'kachipinda koimbiramo.

"Bambo."

Kompyuta inali zidutswa. Waya wa mahedifoniwo unali pansi, wosalumikizidwa kulikonse.

"Chimenecho n'chiyani?" anandifunsa.

"Bambo, bwerani."

Alamu anatukwana, n'kulowa kuti akaponde mahedifoniwo. Chitseko cha galasi chinatsekeka pambuyo pawo, pang'onopang'ono. Loko anati khethe. Babu la mkatimo linazima.

Poyamba ndinamva chitsulo chikugwa. Kenako nkhope yawo inamenyeka pagalasi. Inabwerera mumdima. Inamenyekanso. Kachitatu galasi linang'aluka, magazi n'kuyamba kutsetsereka mumng'alumo.

"Mayi a mwana, pepa! Pepa!"

Chinachake chinathyoka mkatimo, ngati nkhuni youma.

"Alamu, nditsegulireni!" anandikuwira.

Sindinadzuke. Mpaka lero sindidziwa ngati ndikanatha kudzuka. Ndinagona pamenepo ndikumvetsera, mpaka maso anada.

Kutacha, aneba anathyola chitseko cha galasi chija, chifukwa chinali chokhoma mkati. Anapeza alamu atakhala pakona, waya wa maikolofoni uli m'khosi, mano anayi ali pansi, zala za dzanja lamanja zitathyoledwa chimodzichimodzi. Anali moyo. Munalibe munthu wina.

Wapolisi anayang'ana mkono wanga, anayang'ana loko, n'kutseka kabuku kake. Woimba kiyibodi uja anapulumuka, koma diso limodzi linafa. Alamu akadali m'chipatala. Salankhula. Akuti nesi wamkazi akangolowa, amakuwa mpaka kumangidwa pabedi.

M'dera mwathu anthu amanong'ona zambiri. Ena amati ndinalemba anyamata. Koma mayi oyandikana nafe, amene amadzuka kusanache kudzatunga madzi pampopi wathu, ali ndi nkhani yawo. Akuti m'bandakucha umenewo anapeza mzimayi wopanda nsapato atawerama pampopipo, akusamba m'manja mpaka m'zigongono. Anapatsana moni bwinobwino. Mzimayiyo anapempha sopo.

"Ndinam'patsa," amatero mayiwo, mawu ali pansi. "Mawu ake ndinawazindikira nditafika kale kunyumba, ndowa ili pamutu. Anali a malemu woimba aja."

Kuyambira tsikulo, pampopi pathu sipafika munthu dzuwa lisanatuluke.