Ndondocha Zikubwera Chammbali

Anakumana m'shopu yogulitsa zamagetsi momwe mtsikanayo ankagwira ntchito. Pakona panali TV yaikulu yokopera makasitomala, ndipo pa TV-po ankasewerapo gemu yowombera ndondocha. Mitembo yoyenda inkatuluka m'manda, m'mawindo ngakhale kunsi kwa mabedi, wosewera n'kumaiwombera ndi mfuti yapulasitiki.

Tsiku lina masana kunalibe makasitomala, choncho mtsikanayo anatenga mfutiyo. Asanapite n'komwe patali, ndondocha zinamudya.

"Chemwali, dengalo lakulakwirani chiyani kuti muziliwombera chonchi?"

Atacheuka anaona mnyamata wamtali atanyamula makatoni. Anali dalaivala wa galimoto yoperekera katundu m'mashopu.

"Ngati muli akatswiri, achimwene, tulani makatoniwo tione."

Anatuladi. Phaa! Phaa! Phaa! Sanaphonye ndi imodzi yomwe.

"Koma ndinu chiwombankhanga!" anatero mtsikanayo, akuomba m'manja.

"Ndondocha ndazimaliza, koma ine mwandimaliza ndinu. Nanga ndikadandaule kwa yani?"

Dzina lija linamukakamira. Iye naye anayamba kumutchula mtsikanayo kuti Uchi.

Chiwombankhanga anagula makina a gemuyo akaunjika pamodzi ndi mfuti ziwiri. Lamlungu masana ankatseka katani m'kachipinda kake, n'kukhala awiriwo pasofa yakutha yomwe sipuling'i yake inkabaya aliyense wokhala pakati. Iwo ankapanikizana kumbali imodzi, akunamizira sipuling'iyo.

"Uchi wanga, ngakhale zitatuluka mu TV-mu zenizeni, ziyambe zadya ine."

"Iwe n'kudyeka? Mafupa okhaokhawa?"

"Seka lero. Chaka chamawa udzakhala ukuseka uli mkazi wanga."

Akakhala paulendo, mauthenga ankagwa ngati mvula pafoni ya Uchi. "Ndadutsa maluwa ambiri m'njira muno, koma onse akuchita manyazi ndi iwe." Uchi ankawerenga ali kuseri kwa kauntala, akumwetulira yekha ngati wozungulira mutu.

Kenako zinthu zinayamba kusintha. Chiwombankhanga anayamba kuphonya. Ndondocha yobwera kutsogolo ankaigwetsa, koma yochokera chammbali inkamufika mpaka pakhosi iye ali duu!

"Wagona kodi? Iyo kumanzereko!"

"Ndikukupatsa mpata, nawenso udziwike."

Uchi anaseka. Koma Lamlungu lotsatira mnyamatayo anagunda kapu yomwe inali pambali pake penipeni, ndipo ndondocha zitamudyanso anaponya mfuti pansi.

"Gemu ya ana iyi! Yandikwana."

"Wapamtima, chavuta n'chiyani?"

"Palibe. Pita kwanu, ndatopa."

Mauthenga anayamba kuchepa. Mafoni sankayankhidwa. Kushopu katundu anayamba kubwera ndi dalaivala wina, bambo wachikulire wosalankhula. Kenako m'mawa wina foni ya Uchi inalira.

"Ndapeza wina. Usandifunefune. Pepa."

Uchi anakhala pansi pakati pa makatoni a mawailesi. Wina? Wina uti? Nanga za chaka chamawa zija zinali nthabwala? Analemba uthenga, n'kufufuta. Analembanso, n'kutumiza kuti, "Ndalakwa chiyani?" Yankho silinabwere. Anapita kukachipinda kuja, anagogoda mpaka zala kuwawa, koma chitseko sichinatseguke.

Tsiku lina madzulo akuweruka, Uchi anamuona Chiwombankhanga pasiteji ya basi. Anali ndi mkazi wina wowoneka bwino, atakolekana mikono mwamphamvu ngati wina awalanda. Uchi anaima chapafupi, pambali pawo. Chiwombankhanga anatembenuza mutu, maso ake anadutsa pomwe iye anaima, koma nkhope yake sinasinthe ngakhale pang'ono. Moni yekha, ayi!

Uchi anayenda wapansi mpaka kwawo, misozi ili chuchuchu.

Patapita masabata angapo, mkazi yemwe uja analowa m'shopu atanyamula katoni. Anafika pakauntala n'kuitula. M'kati munali makina a gemu ndi mfuti ziwiri.

"Ndinu Uchi?"

"Mwabwera kudzandionetsa kuti mwapambana?"

"Ine ndine mchemwali wake, alamu. Ndinabwera kuchokera kutali kudzamusamalira. Wandituma kuti ndikupatseni izi, ndisalankhule kanthu, koma ine mtima wakana."

Uchi anagwira kauntala.

"Kumusamalira? Akudwala?"

"Maso akufa. Anayambira m'mbali. Pano amaona ngati munthu wosuzumira pa kabowo ka kiyi, ndipo kabowoko kakucheperachepera. Ntchito anamuimitsa atakhula galimoto kuchipupa."

"Nanga kuchipatala?"

"Tayenda, alamu. Madokotala akuti ndi matenda akumtundu, amalume athu anawatenganso. Mankhwala obweza maso palibe."

"Ndiye mkazi winayo?"

Mlamuyo anapukusa mutu.

"Mkazi wake uti? Munthu amangokhala pasofa tsiku lonse, foni ili kukhutu, ikumuwerengera mauthenga anu akale."

Uchi sanapemphe n'komwe chilolezo kwa abwana. Ananyamula katoniyo ndipo anatuluka.

Anamupeza Chiwombankhanga m'kachipinda kake kaja atakhala pasofa, katani ili yotsekula, dzuwa likumuwomba kumaso. Anali ataonda.

"Achemwali, mwamupatsa?"

"Andipatsa."

Chiwombankhanga anadzidzimuka. Anayendetsa mutu uku ndi uku, kufunafuna pomwe mawuwo achokera.

"Unandinamiza," anatero Uchi. "Ndinalira chifukwa cha mkazi woti kulibe!"

"Ndimafuna undide. Munthu ukadana naye umamuiwala msanga."

"Unandifunsa ngati ndikufuna kukuiwala?"

"Uchi, udakali mwana. Ukufuna moyo wako wonse uzikoka munthu pamkono?"

Uchi anatsegula katoni ija. Anagwada kuseri kwa TV, analumikiza mawaya, n'kuika mfuti m'dzanja la mnyamatayo.

"Sindingathe."

"Ndizikuuza ine."

Gemu inayamba. "Kumanja! Tsitsa pang'ono! Womba!" Phaa! Imodzi inagwa. "Kumanzere, ziwiri! Ayi, wapitirira! Bwerera!" Zinachuluka. Uchi ankawombera mbali yake, n'kuwomberanso mbali ya mnzake, pakamwa pakulephera kuthamanga ngati ndondochazo. Misozi inamutseka maso, nayenso anayamba kuphonya. TV yonse inafiira.

Kunangoti zii.

"Zatidya?"

"Zatidya tonse."

"Waona? Ndipo mawa kabowoka kadzakhala kakang'ono kuposa lero. Sungakaletse, Uchi. Inenso sindingathe."

"Ndikudziwa."

Anatsamira pasofa, mfuti zili pamiyendo. Panja ana ankathamangitsana, wina akuyitanira malonda. Mchemwali uja anaima pakhomo, anawayang'ana, n'kubwerera mwakachetechete.

"Uli mbali iti?" anafunsa Chiwombankhanga motsitsa mawu.

"Pambali pako."

"Kumbaliko kulibe kanthu, kuli mdima wokhawokha. Bwera kutsogolo kuno. Pakati penipeni."

Uchi anadzuka, anagwada patsogolo pake n'kutchinga TV.

"Sunthira uku pang'ono. Kwezako mutu. Basi! Ima pomwepo."

Maso a mnyamatayo anaima pankhope yake. Anayambira pachipumi, anatsikira pamphuno, kenako pamilomo, pang'onopang'ono, chifukwa nkhope yonse sinkakwana pa kabowoko nthawi imodzi.

"Usalire, ukuoneka mbuu."

Uchi anapukuta misozi ndi mkono. Mawondo anayamba kuwawa pasimenti, koma sanasunthe.